Kondakitala wa Basi Nambala Naini

Iwe Tadala, tula kamtengo ako pansi. Tula! Ndakuona ukukokera nako sokosi kunsi kwa sofa. Dzulo mng'ono wako Yamikani amafuna kudyera nako zakudya za ku China zija, ati kangosowa kanzake. Ana inu, ana inu! Kamtengo koyera aka, kopepuka ngati phesi, kanafika ku Japan, kanafika ku Amereka, anthu a matayi anakaombera m'manja ataimirira. Inu mwafika kuti? Ku Paisley basi. Bwera nako kuno. Khalani apo nonse, mafoni muwagoneke chafufumimba, ndikuuzeni za mwini wake. Ndipo musandiyankhe "aye, aye" wanu uja.

Koma kuti mumve bwino, tiyambire ku Limbe.

Agogo anu aamuna, malemu, inu simunawaone, anali kondakitala. Osati wa timinibasi ta masiku ano ayi. Wa basi yeniyeni, yaikulu, ya makwerero kumbuyo, yochoka ku Limbe kupita ku Muloza. Yunifolomu ya khaki, chipewa chopendekera, kamakina ka matikiti kali lende pachifuwa. Akakapukusa kankati krrr, tikiti n'kutuluka ngati lilime. Pamwamba pa basi njinga, matumba a chimanga, nkhuku m'madengu, tsiku lina ndi mbuzi yomwe. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pa depoti. Anandiona, ndinawaona, zinazo si za ana.

Koma mawu awo! Akati "Thyolo, Luchenza, Mulanje, Mulozaaa!" ngakhale munthu wopita ku Zomba mtima unkamuuza kuti angokwera. Anthu akadzaza, katundu atamangidwa, ankamenya nthiti ya basi ndi chikhatho, pha! pha! n'kukuwa kuti, "Tiye nayo!" Dalaivala akhale wamakani bwanji, sankanyamuka asanamve mawu amenewo. Asungeni mawuwo, tiwapeza kutsogolo.

Kuno basi ilibe kondakitala. Umangogunditsa khadi, pii, n'kukhala duu ngati uli pa maliro a munthu wosamudziwa. Sitima yapansi ija ndiye kaya, imangozungulira ngati mbuzi yapachingwe, wosowa wokuuza kuti wafika.

Agogo anu atatisiya, mayi anu anali atayamba kale unamwino kuno, ndiye anandiitanitsa ku Glasgow, ku Maryhill kuno, kuti ndidzakulereni. Ndinafika nyengo ya mdima ija, dzuwa likulowa mbale za masana zisanaume. Ndinakuberekani, ndinakuyendetsani m'mbali mwa ngalande mukuwerenga abakha. Koma mutayamba sukulu manja anayamba kundiyabwa. Munthu wozolowera kukazinga zitumbuwa tambala asanalire sangakhale n'kumaonerera mvula pawindo. Mnzanga wa ku tchalitchi, Nachisale, uja amakutsinani masaya, ankasamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndiye anandinong'oneza titatuluka m'mapemphero.

"ANangozo, ku Hillhead kuli mdala wa ku Jeremani. Anadwala sitiroko. Mkono wamanja suyenda, pakamwa panatsekeka. Wathamangitsa kale atsikana angapo. Inu ndi kamwa lanulo mwina mungalimbane naye."

"Ankagwira ntchito yanji?"

"Akuti anali kondakitala."

Mtima wanga unangoti myaa. "Kondakitala? Basi, amenewo ndi alamu anga. Nditengeni mawa."

Nyumba yake inali pamwamba, masitepe a miyala ozungulirazungulira mpaka mawondo kudandaula. Denga lalitali loti ungadzalemo papaya. Ndinati mumtima, ee, makondakitala a ku Jeremani amadya bwino. Anatitsegulira mwana wawo wamkazi, Aneliza, wamtali, wa maso otopa, amene ankakhala ku Hamburg n'kumangobwera mwa apo ndi apo. Dzina la bambo ake anandiuza, koma linali lolumitsa lilime, ine ndinangoti aKondakitala. Pakhoma polowera panali chithunzi chawo ali ndi mphamvu zawo: jekete lakuda la mchira ngati namzeze, mkono uli m'mwamba, kamtengo m'manja, pakamwa pali yasa. Ndinati, si awa, akuitanira! Kamtengoko n'kolozera anthu mipando.

Aneliza anandilankhula Chingerezi chapang'onopang'ono kuti ndimve. Chipinda chakutsogolo n'chokiya, chisatsegulidwe. Wailesi ayi. Nyimbo ayi, bambo safuna. Kenaka anawonjeza kuti:

"Madokotala akuti mkonowu sunafe, ukhoza kudzuka, koma eni ake akukana. Nyengo yozizira ino ikatha asanaukweze, ndiwatengera kunyumba ya okalamba. Nyumba ino tigulitsa. Sindingachitire mwina."

Mdala anali pampando pafupi ndi windo, tsitsi loyera ngati thonje, maso ali pa mpando wina wopanda munthu. Unali wa malemu akazi awo. Atamva za nyumba ya okalamba anadzutsa mutu n'kukuwa:

"Naini!"

Ine ndinagwedeza mutu. Naini. Basi yawo inali nambala naini. Mawu onse athawa, yatsala nambala ya basi yokha. Ndi mmene ntchito imalowera m'magazi.

Musaseke! Iwe Yamikani, tseka mano. Ukanadziwa bwanji iwe kuti pa Chijeremani naini ndiye kuti "ayi"?

Ndiye tinayamba. Ndikabweretsa phala: "Naini!" Ine: "Eya, naini ikubwera, yambani mwadya, ulendo ndi wautali." Mtsikana wa kuchipatala wowongola ziwalo akabwera ndi kampira kofinya: "Naini!" kampira gubudu gubudu kunsi kwa tebulo. Mkono wamanja uli gone pabondo ngati mlamba wowamba.

Chovuta kwa ine chinali lamulo la nyimbo lija. Inu mukundidziwa. Ngakhale pokuitanani kudzatsuka mbale ndimachita kuimba. Sukulu sindinapite nayo patali, zilembo zimandibalalikira ngati nyerere, koma nyimbo sinandithawepo. Kundiletsa kuimba kuli ngati kuuza ketulo kuti iwire mwakachetechete. Ndinkasita malaya awo nditaluma mlomo.

Tsiku lina ndikukolopa, nzeru inandigwera. Ndinati munthu uyu sakudwala mkono, akusowa basi yake. Ndipo kuitanira si kuimba, lamulo silikugwira pamenepo. Ndinatenga mipando ya kukhitchini n'kuindandalika iwiriiwiri pabalaza. Makushoni ndinawakhazika ngati anthu. Mdala ndinamukankhira ndi mpando wake womwe pakhomo pa basi, pamalo pake. Ndiye ndinatsegula kukhosi:

Partick, Partick, malo alipooo!
Maryhill kwerani amayi, mwana pamiyendo!
Wotsala mmodzi, wotsala mmodziii!

Pa tebulo pha! pha! "Tiye nayo!"

Anandiyang'ana maso ali tong'o, ngati aona nkhuku itavala nsapato. Ine osabwerera m'mbuyo. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ndinkagwira dzanja lawo lamanzere n'kulimenyetsa pa tebulo. Tsiku lina ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndinathamangira madzi poganiza kuti atsamwa. Ayi ndithu, anali kuseka! Kuseka kopanda mawu, misozi ili mbwee. Kuyambira pamenepo phala linkalowa, koma pokhapokha basi itanyamuka. Pofika pa "Tiye nayo" milomo yawo inkayenda, mawu osatuluka. Ndipo chala chawo chamanzere chinkagogoda pampando motsatira kuitanira kwanga. Ndikakoka mawu mopitirira, "Naini!" chala n'kufulumira. Ndinati kondakitala uyu anali wosunga nthawi.

Koma mkono wamanja, zii.

Aneliza anatulukira osanena, natipeza basi ili pakati pa ulendo, ine nditavala sefa kumutu m'malo mwa chipewa. Anaima pakhomo ndi sutikesi yake, kakasi.

"Mukuchita chiyani ndi bambo anga?"

"Asowa ntchito yawo, mwanawe. Amuna anga analinso kondakitala, ndikudziwa. Iyi ndi nambala naini, khala pampando apo, wotsala mmodzi."

Mwana uja anakhala pansi penipeni, pa kapeti. Anaseka mpaka kulira, analira mpaka kusekanso. Kenaka anadzuka, anatenga kiyi m'chikwama, anandigwira dzanja n'kutsegula chipinda chija.

Ana inu! Limba lalikulu lakuda litagona pakati ngati ng'ombe. Mapepala milumilu olembedwa timadontho takuda pa mizere, ngati mbalame pa mawaya a magetsi. Pakona vayolini wamkulu, uja woimika pansi n'kumupanira m'miyendo. Aneliza anatulutsa foni n'kundionetsa kanema. Holo yodzaza ngati msika wa Limbe. Kutsogolo anthu osawerengeka, aliyense ndi choimbira chake, malipenga, zitoliro, mavayolini, ng'oma zonga miphika ya mowa. Onse chete, maso pa munthu mmodzi. Munthu uja anangokweza nsidze, kamtengo n'kutsika pang'ono, nyimbo n'kuphulika ngati mvula yoyamba.

"Aa!" ndinatero. "Akwayamasitala! Bwanji osangonena?"

Kani pa Chingerezi wotsogolera oimba nayenso amamutcha kondakitala! Tinakhala pa benchi ya limba, iye n'kundiuza mbiri yonse. Bambo ake anabadwira m'tauni yaing'ono nkhondo yaikulu itangotha, nyumba zambiri zili mabwinja. Bambo a mdalayo ankakonza malimba a m'matchalitchi, ndiye mwana anakula akumva mawu okhota ndi mawu owongoka asanadziwe kumanga nsapato. Atakula anapeza ntchito m'nyumba ya zisudzo zoimba, yoimbira limba anthu akamaphunzira mbali zawo. Ntchito ya kuseri, yopanda wokuombera m'manja. Tsiku lina wotsogolera wamkulu anadwala anthu atadzaza kale, ndiye anangomukankhira kutsogolo atavala jekete lobwereka, manja ake aafupi. Sanabwererenso kuseri. Anayenda tauni ndi tauni, yaing'ono, yokulirapo, yaikulu, mpaka maiko akutali anayamba kumulimbirana.

Ankapekanso nyimbo zawozawo, m'mamawa anthu asanadzuke. Yoyamba akuti anthu ena anaikuwiza, ena anatuluka isanathe. Iwo anapita kunyumba, anadya, nayamba kulemba yachiwiri. Ku Glasgow kuno anabwera kuti adzangokhala nyengo imodzi. Koma m'gulu la oimba munali mtsikana wa konkuno woimba vayolini wamkulu uja, amene sankawayang'ana akamaimba, ankangotsinzina. Iwo anakwiya, anapita kukamufunsa chifukwa chake. Kufunsako kunatha zaka zonse za moyo wawo, ndipo Aneliza anabadwira momwemo. Mayi atamwalira, sipanapite nthawi sitiroko inabwera. Atatuluka m'chipatala anayesa kunyamula kamtengo kawo, kanagwa. Anakakankhira ndi phazi kunsi kwa limba n'kulozera kuti chitseko chikiyidwe.

Mukuganiza kuti ndinachita manyazi? Ine? Ndinamufunsa Aneliza kuti, "Nanga ndalakwitsa pati? Anthu ambirimbiri, aliyense ndi katundu wake, palibe wonyamuka mpaka munthu mmodzi atalola. Si kondakitala ameneyo?"

Anamwetulira, koma kumwetulirako sikunakhalitse. Analoza pawindo. M'paki maluwa achikasu aja otuluka nyengo yozizira ikamatha anali atayamba kusuzumira.

"Mwawaseketsa, mayi, zikomo. Koma mkono sunakwere. Mwezi uno ukatha ndibwera kudzawatenga. Malo apezeka kale."

Ndinakwera basi yobwerera kuno mutu uli gwaa. Ndiye pa Maryhill Road pomwepa ndinaona vuto langa. Makushoni saimba. Kondakitala angakwezerenji mkono pa basi yodzaza makushoni?

Loweruka lomwe Aneliza anabwera kudzalongedza, ndinamupempha chinthu chimodzi. Iye anati, "Akana." Ndinati, "Akane, naini tinaizolowera." Masana amenewo masitepe a miyala aja anamva zomwe sanamvepo. Amayi a kwaya yathu ya ku Partick, manamwino, osamalira okalamba, ena atangoweruka maso ali psuu, zitenje pamwamba pa majasi, akukwera akupuma wefuwefu. Nachisale patsogolo akudandaula: "ANangozo, kumwamba kwenikweni tidzafikako bwanji ngati kuno kokha tikufa?"

Tinawaimika m'chipinda cha limba. Mdala tinamulowetsa pa mpando wake, patsogolo pawo kathebulo. Anaona amayi, anaona limba, nkhope inachita mdima. "Naini." Aneliza anagwada, anatulutsa kamtengo kunsi kwa limba, anakapukuta ndi malaya ake, n'kukalowetsa m'zala za dzanja lamanja. Zala zinakagwira mofooka. Sanakataye.

Munthu amene waima pamaso pa oimba moyo wake wonse, ukamuikira anthu oima mwandondomeko akumuyang'ana, thupi limakumbuka lokha. Ndinaona msana ukuwongoka. Anakweza nsidze, nsonga ya kamtengo n'kugwedera pabondo pomwepo.

Amayi zii.

Paja ife sitiyamba nyimbo ndi nsidze. Akwayamasitala timawadziwa, koma kwathu amayamba akupatsani mawu. Ndipo nyimbo zathu za amayi mmodzi amayambitsa ndi pakamwa, ena n'kuvomera. Popanda woyambitsa tikhoza kuima mpaka Lolemba.

Mdala anadabwa. Ku Japan nsidze imeneyi inkagwira ntchito. Anayesanso, dzanja linachoka pabondo pang'ono, n'kutsika. Amayi akungomwetulira mwaulemu. Nkhope yawo inayamba kufiira. Chigongono chinanyamuka.

Nachisale anandigunda ndi phewa. "Kodi akufuna kutikwapula?"

"Khalani chete."

"Nanga si muyambitse inu? Tikuchititsa manyazi."

Woyambitsa nyimbo m'gulu lathu ndine, mukudziwa. Nyimbo inali pakhosi pano ikundikanda. Koma ndinaona kumene mkono ukupita, ndiye ndinaluma lilime. Moyo wanga wonse sindinakhalepo chete movutika ngati tsiku limenelo.

Mkwiyo, ana inu, ndi mankhwala. Mkono unafika paphewa ukunjenjemera, thukuta lili kamukamu pachipumi. Unapitirira phewa. Unafika pamwamba pa mutu, ngati pa chithunzi chija. Aneliza anagwira pakamwa ndi manja onse. Mdala anautsitsa mwamphamvu, fyuu!

Amayi anangophethira. Mmodzi kumbuyo anati, "Ameni."

Apo ndiye ndinalankhula. "AKondakitala, basi sinyamuka ndi chala. Anthu adzaza, katundu tamanga. Itanirani!"

Anandiyang'ana. Anayang'ana amayi. Ndinaona kuseka kuja kukulimbana ndi mkwiyo m'masaya mwawo. Anakwezanso mkono womwewo wamanja, kamtengo kali m'zala, n'kuugwetsera pa kathebulo. Pha! Pha! Ndipo kukhosi kumene kunkangotuluka naini kunatuluka mawu okhakhala ngati chitseko chadzimbiri:

"Tiye nayo!"

Mayo ine! Ndinaimasula nyimbo, amayi anaivomera, mazenera ananjenjemera. Mapazi anayamba, ziuno zinatsatira, Nachisale anaiwala mawondo ake n'kuimba nthungululu mpaka anthu a nyumba yapansi anakwera kudzaona ngati kwabuka moto. Mdala mkono uli m'mwamba, uku ndi uku, akutithamangitsa, akutibweza, akukuwa "Naini! Naini!" tikakoka mathero, misozi ikutsikira m'kolala. Aneliza anatuluka mwakachetechete. Nditamutsatira ndinamupeza kuchipinda akutulutsa malaya a bambo ake m'sutikesi, akuwabwezera m'kabati.

Sanapite kunyumba ya okalamba. Anakhala m'nyumba mwawo zaka zina zingapo, ndipo Loweruka lililonse amayi ankakwera masitepe aja. Tinkakangana, eee! Iwo ankafuna nyimbo ithe ngati wadula ndi mpeni, ife timakonda kuiperekeza mpaka pa msewu. Tinagawana: poyambira n'pathu, pothera n'pawo. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, Chijeremani, Chingerezi, ndi Chichewa cha pa depoti chimene ndinawaphunzitsa ine. Ankanditchula kuti Mayi Dalaivala. Kampira kofinya kaja anayamba kukafinya okha, chifukwa ankafuna kugwira pensulo.

Ndipo analemba. Nyimbo yawo yomaliza anapekera ifeyo, amayi a ku Partick, pamodzi ndi vayolini wamkulu wa akazi awo, amene anamuimba mtsikana wina wa ku yunivesite. Ife timadontho sitiwerenga, ndiye ankatiimbira pa limba mzere ndi mzere mpaka talowa nayo. Vayolini amayamba yekha, pansipansi, ngati munthu akudikira basi m'mvula. Kenaka ine ndimaitanira. Tinaiimba m'tchalitchi mwathu, iwo atavala jekete la namzeze lija, litawakulira. Iwe Tadala unalipo, koma unagona pamiyendo pa mayi ako.

Anamwalira m'mawa wina pa bedi pawo, m'nyumba mwawo, nkhope italoza ku mpando wa akazi awo.

Pa maliro panabwera anthu akuluakulu a nyimbo, ena ochokera ku Jeremani komweko, onse zakuda, onse chete. Maliro a kuno mukuwadziwa, munthu amalira ngati akuba. Titatuluka m'tchalitchi bokosi linalowa m'galimoto lalitali lija, chitseko chinatsekedwa. Ndiye galimoto linangoima. Dalaivala ali duu, anthu ali duu, mvula ikuwaza. Kaya ankadikira chiyani. Ine ndinaona kuti apa pakusowa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndi amene wagona m'katimo.

Ndinayamba kuyenda. Nachisale anandikoka chitenje. "ANangozo, chonde, kuno si ku Limbe."

Ndinamuchotsa dzanja. Ndinafika pa nthiti ya galimoto lonyezimira lija, ndinayang'ana Aneliza, iye anagwedeza mutu. Chikhatho changa ichi. Pha! Pha!

"Tiye nayo!"

Dalaivala anasuzumira pa kagalasi, ndipo galimoto linanyamuka. Amayi anaivomera nyimbo kumbuyo kwanga, tinawaperekeza mpaka pa msewu, ndipo tsiku limenelo panalibe wotiuza kuti naini.

Kamtengoka Aneliza anandipatsa madzulo ake, atakakulunga mu mpango wa bambo ake. Anati, "Dalaivala asunge."

Ndiye iwe Tadala, kagwire ndi manja awiri, ukakaike pamwamba pa kabati pomwe unakatenga. Sokosi yakoyo ukokere ndi tsache.